Ndinaoda mpeni mu Febuluwale, uno ndi Novembala: ndidikirebe kapena ndikaitanitse dipoziti yanga?

Shefu_wa_ku_Chintheche

Moni nonse abale anga. Ndili ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo, mwina alipo wina zinamuchitikirapo.

Ine ndimaphika pa lesitilanti ina kuno ku Cape Town, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Ndinayambira kotsuka mbale monga timayambira tonse, pano ndili mbali ya nsomba ndi zamasamba. Amene anagwirapo m'khitchini akudziwa kuti mipeni ya kampani ndi ya aliyense: uyu watsegulira chitini, uyu wadulira fupa, iwe ukamaitenga mmawa yasanduka masupuni. Nchifukwa chake ndili ndi mpeni wa Victorinox wangawanga wa chogwirira chakuda, ndipo sindimunyoza ayi, wandidyetsa. Koma chaka chatha kunabwera shefu wina wochokera ku Durban ali ndi mpeni wochita kupangitsa kwa mmisiri. Tsiku lina anandibwereka kuti ndiduleko anyezi. Abale, unkangotsetsereka wokha, thabwa osamva phokoso n'komwe. Kuchokera tsiku limenelo mtima unadwala.

Mu Febuluwale ndinapeza mmisiri wina pa Instagram. Amagwira yekha m'galaja kunyumba kwake, ulendo wa maola awiri pa galimoto kuchokera kuno. Tinagwirizana gyuto ya 210mm, uja mpeni wa shefu wopangidwa mwa chi Japan, wopyapyala kuposa wathu wa masiku onse. Chitsulo N690, chifukwa ine ndimakhala m'madzi ndi m'mandimu tsiku lonse, sindikufuna za dzimbiri. Chogwirira cha mtengo wa olivi wakutchire. Mtengo wake R5,500, dipoziti theka. Ndinatumiza R2,750 tsiku lomwelo pa EFT, kuchokera ku banki yanga kupita ku yake. Mayi akunyumba atamva anangoti, "Malata angati amenewo?" Ndinawauza kuti chimenechi ndi chida cha ntchito, ngati khasu kwa mlimi. Anangondiyang'ana.

Iye anati miyezi inayi, ndiye kuti Juni.

Juni atafika anati chitsulo chinachedwa kubwera. Ndinamvetsa. Mu Ogasiti ananditumizira chithunzi cha mipeni isanu ndi itatu yopanda zogwirira, itandandalikidwa pa benchi, akuti wanu uli pomwepa. Uti? Osanena. Seputembala yense zii, uthenga wa pa WhatsApp akuwerenga ndithu, timizere tabuluu tiwiri tikuoneka, koma kuyankha ayi. Mu Okutobala anayankha mawu awiri okha, akuti posachedwapa bwana.

Chomwe chikundiwawa kwenikweni si kudikirako. Ndi chakuti pa Instagram pake sabata iliyonse pakutuluka mpeni watsopano. Wina wa alenje, wina wopinda wa m'thumba, ndipo wapitanso ku chionetsero cha mipeni ndi tebulo lodzadza. Ndiye manja ali nawo, nthawi ali nayo, koma ya ine palibe?

Munthuyo sakuoneka wakuba, ntchito yake ndinaiona ndi maso kwa kasitomala wake wina. Koma miyezi 9 pa lonjezo la miyezi 4? Kodi ndi mmene zimakhalira kwa amisiri oima paokhawa, kapena ndikupusitsidwa? Ndikaitanitsa ndalama yanga ndiye kuti ndikayambirenso pamzere kwa wina. Ndithandizeni nzeru.

Mjomba_wa_pa_Ndirande

Achimwene, R5,500 mpeni umodzi? Umaphikanso nsima wokha? Ha!

Mukabwera kumudzi Khirisimasi ino mundipeze, ndikutengereni kwa madala ena omwe amasula kuseri kwa msika. Mukawapatsa sipuling'i ya pick-up yakutha, aja mapuleti a pansi pa galimoto, amaiika pa makala, mwana wawo akupukusa chopemerera chomwe anachipanga ndi gudumu la njinga, pofika madzulo mwanyamula mpeni wanu wokulunga m'nyuzipepala. Wanga wophera mbuzi anandisulira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mpaka lero ndimaunolera pa mwala wa pakhomo. Umachita dzimbiri inde, koma ukaupaka mafuta ophikira umakhala bwino.

Komabe nthabwala pambali. Ngakhale madala amenewa, nthawi ya dzinja ikayandikira simungawaone. Makasu ndi nkhwangwa zimachuluka, wa mpeni amauzidwa kuti bwerani Lachisanu, ndipo Lachisanulo silifika. Kusiyana kwake nkwakuti kuno umatha kupita kukakhala pa chitsa pomwepo mpaka manyazi amugwire. Inu wanuyo ali kutali maola awiri, mukulimbana naye pa foni. Pitani mukamuone nkhope. Munthu amanama bwino pa WhatsApp kusiyana ndi pamaso.

Wakale_wa_ku_Benoni

Bwana shefu, nkhani yanuyi ndikuidziwa kuchokera mkati. Ndinagwirapo zaka zitatu kwa mzungu wina wopanga mipeni kuno ku Gauteng. Ndinalowa ngati wa m'munda, ndinatsirizira pa makina a lamba ndi pa sandipepala. Ndiye ndikuuzeni zomwe zimachitika kuseri kwa zithunzi zija, kenako muweruze nokha.

Choyamba, mpeni wa N690 sausula ndi nyundo ngati wa madala a pa Ndirande aja. Chitsulocho chimachokera ku kampani ya Böhler ya ku Austria, chimabwera chaphanthiphanthi ngati lula. Mmisiri amajambulapo, kudula, kuboola mabowo a chogwirira, ndi kupala pa makina. Zimenezi ndi za tsiku limodzi kapena awiri, nchifukwa chake chithunzi cha mu Ogasiti chija sichikutanthauza zambiri. Mpeni wongodulidwa umaoneka ngati watsala pang'ono kutha, chonsecho ntchito yeniyeni sinayambe.

Pomwe pamagona nkhani ndi polimbitsa chitsulo. Chosachita dzimbiri ngati chimenechi chimafuna ng'anjo yamagetsi yotentha kupitirira madigiri 1,000, osati makala. Mpeni umakulungidwa mu kachitsulo kopyapyala ngati pepala kuti mpweya usaukhudze, ukatuluka umapanidwa pakati pa mapuleti a aluminiyamu kuti uzizire msanga, kenako ubwererenso mu uvuni kawiri, maola awiri ulendo uliwonse, pa moto wochepa, kuti usakhale wophweka kuthyoka ngati galasi. Palibe amene amayatsa ng'anjo chifukwa cha mpeni umodzi. Amadikira ikwane isanu ndi umodzi kapena khumi ya chitsulo chofanana. Ena alibe n'komwe ng'anjo, amatumiza ku kampani ina, kumenekonso kuli mzere wake. Mu 2023, load shedding itafika pa siteji 6, ife tinkachita kuyang'ana ndandanda ya Eskom tisanayatse, chifukwa magetsi akazima pakati ndiye kuti tsiku lapita.

Ndipo mpeni wa m'khitchini ndi womwe umavuta kuposa yonse. Wa alenje ndi wamfupi komanso wonenepa, sukhota wamba. Gyuto ya 210mm ndi yaitali, yopyapyala, ikatuluka m'moto imatha kupindika ngati nthochi. Poiwongola, nthawi zina umangomva "thi!", yaduka. Ine ndinathyolapo iwiri, bwana wanga sanandilankhule tsiku lonse. Ikapulumuka pamenepo, uipalenso pang'onopang'ono ukuiviika m'madzi pafupipafupi, chifukwa kukamwa kwake kukangosintha mtundu nkukhala kwa buluu, basi kwafewa, wayambiranso. Kenako sandipepala wa pamanja, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, mzere uliwonse ufufutike. Zala zanga zinkachita kusowa zidindo. Kwa ife mpeni umodzi wa shefu unkadya masiku atatu kapena anayi a ntchito yokhayokha, osawerengera kudikira guluu kuti agwire, kapena thabwa kuti liume. Olivi wakutchire akakhala wosauma bwino amang'aluka ali kale pa mpeni.

Ndiye muwerengere: munthu mmodzi, mwina masana ali pa ntchito ina, mipeni amapanga madzulo ndi Loweruka. Akavomera maoda makumi atatu, chaka chatha kale.

Tsopano za Instagram zija, apa ndiye sindimuikira kumbuyo. Ndikuuzani chilungamo. Dipoziti yanu inadyedwa kalekale, mwina sabata yomweyo ya mu Febuluwale: anagulira malamba a makina, chitsulo, mwina lendi. Akamaliza mpeni wanu alandira R2,750 yokha. Akapanga wina wa kukhosi kwake nkukaugulitsa pa chionetsero, alandira ndalama yonse pamanja, komanso palibe womuuza kuti chogwirira chikhale chakuti. Mwezi ukathina, mukuganiza kuti agwira uti? Si kuba kwenikweni, koma ndi ngongole yomwe mwini wake safuna kuiyang'ana. Akamachedwa manyazi amakula, manyazi akakula foni sayankha. Bwana wanga uja anali katswiri, koma foni ikalira ankaitembenuza chafufumimba pa benchi.

Langizo langa: lekani kufunsa kuti utha liti. Funso limenelo yankho lake ndi "posachedwapa" mpaka Yesu adzabwere. Mufunseni kuti, mpeni wanga wadutsa kale m'ng'anjo kapena ayi? Ngati wadutsa, aujambule wokha, tepi yoyezera ili pambali pake. Ngati sunadutse, gulu lotsatira likulowa tsiku liti? Wopanga mipeni weniweni mafunso amenewa amawayankha mosavuta. Kenako mugwirizane tsiku, lilembedwe, ndipo munene poyera kuti likadutsa mubweza ndalama yanga. Mwaulemu, koma lilembedwe. Zikakanika, kuno kuli Small Claims Court, khoti lomva milandu ya ndalama zochepa (mu 2019 malire ake anaikidwa pa R20,000), ndipo sipafunika loya. Mumayamba mwamulembera kalata yomupatsa masiku 14. Sungani umboni wa EFT ndi mauthenga onse. Koma sindikuganiza kuti mufika kumeneko.

Nachisale_wa_ku_Leeds

Achimwene a ku Chintheche, pepani ndi zimenezi. Ine bambo akunyumba ndi okonda mipeni moti ndinachita kuiphunzira mokakamizidwa, ndiye ndiponyepo mawu.

Miyezi 9 payokha si yodabwitsa m'dziko la mipeni yochita kuoda. Ku Orlando, ku Florida, kuli Randall Made Knives, yomwe anaiyambitsa Bo Randall kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Ukaoda mwachindunji kwa iwo umadikira zaka zisanu kapena kuposerapo. Zaka, osati miyezi. Anthu amaoda mwana ali ku pulayimale kuti adzamupatse akamalowa sekondale. Bob Kramer, wa mipeni ya m'khitchini ku Washington State, mzere unamukulira mpaka anasiya kulemba maina, anayamba kugulitsa kudzera pa okushoni ndi maere. Ngakhale Chris Reeve, yemwe anachoka ku Durban komweko nkupita ku Boise, Idaho, mu 1989, mpeni wake wopinda uja wa Sebenza, dzina la Chizulu lotanthauza kugwira ntchito, anthu amaudikira ngakhale kuti pano ndi kampani ya antchito ambiri. Chiyambireni pulogalamu ya pa TV ya Forged in Fire mu 2015, ofuna mipeni ya pamanja anachuluka, koma manja a mmisiri akadali awiri omwe aja.

Koma taonani kusiyana kwake. A Randall amakuuziratu tsiku loyamba lomwelo kuti ndi zaka zakuti, ndipo dipoziti yawo ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa mpeni. Umalowa ukudziwa. Bambo akwathu anaoda kwa mmisiri wina kuno ku England, anauzidwa kuti chaka ndi miyezi iwiri. Sanalipire kalikonse, dzina linangolembedwa m'buku. Nthawi itakwana mmisiriyo anatumiza imelo kuti tsopano ndikuyamba wanu, mukuufunabe? Ndi pomwe ndalama inatuluka. Patatha masabata asanu mpeni unafika, wobweretsa katundu anachita kufunsa chiphaso pakhomo, poti kuno saloleza kugulitsa mpeni kwa wosakwana zaka 18. Miyezi 14 imeneyo sinatiwawe ngakhale pang'ono, pamene inu miyezi 5 yongopitirirayi yakudwalitsani. Chifukwa chake nchakuti inu ndalama yanu ili kwa iye, ndipo tsiku lomwe anakuuzani linali la bodza.

Ine maganizo anga, theka la mtengo ngati dipoziti kwa munthu yemwe sayamba ntchito yako mwezi womwewo, nzochuluka. Pokhapokha ngati mwapempha chinthu chachilendo choti inu mukathawa sangagulitse kwa wina, monga kulembapo dzina lanu. Gyuto ya 210mm ya chogwirira cha olivi angaigulitse mawa lomwe kwa shefu aliyense. Ulendo wina mudzakambirane zimenezi musanatumize ndalama.

Kuitanitsa dipoziti lero sindikukulangizani. Mwadikira kale mbali yaikulu. Chitani zomwe anena a ku Benoni.

Mai_Telala_Area25

Ndawerenga zonsezi ndikuseka ndekha pa makina, chifukwa mmisiri wanuyo ndi ine ndendende. Disembala akamayandikira nsalu zimafika mpaka kudenga, ndipo palibe yomwe ndimakana. Ukakana, kasitomala apita kwa mnzako ndipo sabweranso. Ndiye umangoti Lachinayi mayi, mumtima ukudziwa kuti Lachinayi limenelo kuli madiresi a ukwati asanu ndi awiri.

Ndikuuzeni chinsinsi chathu. Amene timamusokera msanga si wolalata ayi, wolalata timamuthawa. Si wofatsa kwambirinso, ameneyo nsalu yake imapita pansi pa mulu. Ndi amene amabwera nkunena kuti, mayi, ulendo wanga ndi wa pa 20, ndidzabwera pa 18, ngati simukwanitsa ndiuzeni lero nditenge nsalu yanga. Ameneyo ndimamulemba pa khoma ndi choko.

Shefu_wa_ku_Chintheche

Zikomo kwambiri nonse. A Mjomba, mbuzi ya Khirisimasi ndidzaphera wa madala anuwo, koma fileti ya nsomba ya kingklip ndi sipuling'i ya pick-up, abwana andithamangitsa.

A ku Benoni, ndinachita momwe munanenera. Lolemba usiku nditaweruka ndinalemba uthenga, ndinaufufuta katatu chifukwa woyamba unali ndi ukali. Womaliza unangofunsa ngati mpeni wadutsa m'ng'anjo, ndi kupempha chithunzi chake pambali pa tepi. Ndinawonjezera za Mai Telala zija, kuti nyengo ya alendo ikuyamba pakati pa Disembala, ngati pofika pa 15 sizitheka andiuze panopa tibwezerane mwamtendere.

Sanalembe. Anaimba, Lachiwiri cha m'ma 10 mmawa, ine ndili pakati posenda nsomba, ndinachita kutuluka kukayankhira kuseri komwe timataya zinyalala. Munthu wamkulu mawu akunjenjemera. Akuti mpeni wanga unalidi pa chithunzi cha mu Ogasiti chija, wachitatu kuchokera kumanzere. Unatuluka m'ng'anjo utakhota, pouwongola unathyoka chapafupi ndi nsonga. Chitsulo cha muyezo umenewo chinali chitamuthera, ndalama yogulira china analibe, ndiye anayamba kupanga ing'onoing'ono ya pa chionetsero ija ndi zidutswa zomwe anali nazo kuti apeze ndalama. Ndinamufunsa kuti nanga osangondiuza bwanji mu Ogasiti momwemo? Anakhala chete kanthawi, kenako anati ankaganiza kuti akonza msanga ine ndisanadziwe. A ku Benoni, ngati munali pomwepo.

Zithunzi watumiza ziwiri. China ndi cha wothyokawo, zidutswa ziwiri pa nyuzipepala. China ndi cha watsopano, walimbitsidwa kale, tepi ikuonetsa 212mm, akuti mamilimita awiriwo apita ponola. Pa chitsulo walembapo ndi cholembera chakuda 60 HRC, akuti ndiko kulimba kwake atayeza. Chatsala ndi kupala komaliza ndi chogwirira. Thabwa la olivi lomwe anandisungira lija linang'aluka pang'ono, wandionetsa lina lakuda kwambiri, ndavomera. Tagwirizana pa 12 Disembala, ndipo walemba yekha pa WhatsApp kuti likadutsa tsiku limenelo abweza R2,750 yonse. Wati pa ndalama yotsalayo achotsapo R500. Ine sindinapemphe.

Mtima sunakhazikike kwenikweni, lonjezo ndinalimvapo kale mu Juni. Koma ndapempha ofu ya pa 12, ndikwera ndi mnzanga wa ku Mangochi yemwe ali ndi galimoto, tikautengere komweko m'malo modikira wa kutumiza. Ndamuuzanso kuti zidutswa za wothyoka uja asataye, chachikulucho andipangire kampeni kosendera, ndilipira.

Mayi akunyumba ndawaonetsa chithunzi cha tepi chija. Akuti aona ukafika.

Funso lina a ku Benoni: mwala wanga wonolera ndi wa 1000 mbali imodzi, 3000 mbali inayo (manambala osonyeza kusalala kwake), womwe ndimanolera Victorinox. Ukwanira pa N690 ya 60 HRC, kapena ndiyambe kusungira wina?